Kamfuti ka pamphumi kapena themomita ya m'khwapa: tigule chiti nyengo yozizira ino ku Mzuzu?

Juni akangolowa, Mzuzu amadzuka ali m'nkhungu. Mzindawu uli pamtunda wa mamita oposa 1,200, ndipo usiku wina kuzizira kumatsika pansi pa madigiri 10. Mawindo a minibasi amatsekedwa onse, ana amakumbatirana m'kalasi, ndiye mmodzi akangoyetsemula ku Chibavi, pofika Lachisanu mamina ali ku Luwinga. Ogulitsa amaidziwa nyengoyi. M'mafamase a m'tauni ndi pa mabenchi a kumsika mwayalidwa tizipangizo ta zaumoyo: themomita ya batire yoika m'khwapa, kamfuti koloza pamphumi kamene tinakazolowera pa zipata m'chaka cha 2020, kopana chala koyeza mpweya wa m'magazi, makina otulutsa nthunzi, ndi mawotchi amene amati amayeza chilichonse. Pa zonsezi, chimene nyumba iliyonse ikuyenera kukhala nacho ndi chimodzi chokha, ndipo ndi chotsika mtengo kuposa zinzake zonse.

Chimenecho ndi themomita ya m'khwapa, ija yooneka ngati cholembera, ya kansonga kachitsulo ndi batani limodzi. Ilibe chokopa maso, koma imakhudza thupi lenileni, choncho mphepo ya panja siyiisokoneza kwambiri. Zambiri zimayeza kuyambira madigiri 32 mpaka 42 ndi kanthu. Mukaiyatsa n'kuona chilembo "L" kapena "Lo" ndi ka °C kakuphethira, sinawonongeke. Ikungonena kuti nsonga yake ikadali pansi pa 32 ndipo yakonzeka.

Imalakwa anthu akaigwira molakwika, ndipo kulakwa kwake n'komweko nyumba ndi nyumba. M'khwapa mukhale mouma, chifukwa thukuta limaziziritsa khungu. Nsonga ilowe pakatikati penipeni pa khwapa, ikhudze khungu osati juzi, ndipo mkono upanikizidwe kunthiti. Mwana wamng'ono mumukhazike pamiyendo, mkono wakewo muugwire ndinu. Ikalira musathamangire kuichotsa. Zotchipazi zimalira zikaona kuti kutentha kwayamba kukwera pang'onopang'ono, osati kuti kwafika pamapeto, ndiye mukaisiya mphindi ina imodzi kapena ziwiri nambala imatha kukwerako. M'khwapa mumaonetsa kutentha kotsikirapo ndi pafupifupi theka la digiri poyerekeza ndi m'kati mwa thupi. N'chifukwa chake m'zipatala zathu 37.5 ya m'khwapa amaiwerengera kale kuti thupi latentha, pamene ya m'kamwa amadikira 38.

Kuyeza m'kamwa pa nthawi ya chimfine sitikulimbikitsa. Munthu wotsekeka mphuno amapumira kukamwa, mpweya wozizira n'kumadutsa pa nsongapo, nambala n'kutsika. Wangomwa tiyi wotentha, nambala ikwera, pokhapokha mutadikira mphindi 20 kapena 30. Palinso msampha wina wa kuno: mwana wavekedwa majuzi awiri, chipewa chaubweya ndi masokosi, wafunditsidwa mabulangete atatu, kenako mwamuyeza n'kupeza 37.8. Muvuleni zina, akhale ndi chovala chimodzi chopepuka, dikirani mphindi 15 n'kuyezanso. Ngati kunali kufunda kwa zofunda, nambala itsika. Ngati ndi matenda, ikhala pomwepo kapena ikwera. Koma khanda losakwana miyezi iwiri musachite nalo zoyesayesa zimenezi. Likafika 37.5, kapena likazizira kutsika pansi pa 35.5, nyamukani kupita kuchipatala ngakhale usiku.

Batire yake ndi kaja kakang'ono kozungulira, LR41, kamene pa mapaketi ena kamalembedwa AG3. Okonza mawotchi amakhala nako. Kamakhala nthawi yaitali, koma kakayamba kutha manambala amafuwa ndipo themomita imazima isanalire. Kakale musakataye poti mwana angakatole. Mwana akakameza kamaotcha kummero m'maola ochepa, ndipo ndi nkhani yothamangira nayo kuchipatala. Mukatha kuyeza pukutani nsonga ndi thonje lonyowetsa sipiriti, kapena madzi a sopo. Musaiviike yonse m'madzi pokhapokha pa bokosi palembedwa kuti silowa madzi. Yagalasi ija ya timadzi tonyezimira ngati siliva m'kati, imene agogo amaikutumula asanayeze, imayeza bwino ndithu, koma ikasweka mumatuluka mercury, amene ndi poizoni. Sasesedwa ndi tsache. Amatoledwa ndi kapepala kolimba, kuikidwa m'botolo lotseka, mawindo ali otsegula.

Tsono kamfuti. Kamagula mtima chifukwa kamayankha m'sekondi imodzi, sikadzutsa mwana wogona, ndipo kagalasi kake kamasintha mtundu, kobiriwira ngati zili bwino, kofiira ngati thupi latentha. Mtengo wake ndi wa mathemomita a m'khwapa angapo. Vuto lake ndi loti kamayeza khungu la pamphumi, ndipo mphumi ndi malo amene mphepo ya Mzuzu imayamba kumenya. Kachipangizoka kamalandira kutentha kochokera pakhungu, kenako kamawerengetsera kuti m'kati mwa thupi mungakhale motani. Kuwerengetsera kumeneko kumadalira kuti munthuyo ndi kamfutiko akhala m'chipinda chofunda bwino kwa kanthawi.

Taganizirani mwana wochokera kusukulu ku Katoto, wayenda m'kamvula kowaza, masaya ali zii. Mayi amuloza, kamfuti kati 35.9, kuwala kobiriwira. "Ulibe kanthu iwe, kavule yunifomu." Chonsecho m'khwapa mwake muli 38.6. Mlongo wake amene wakhala akuotha mbaula, chipewa chili mpaka m'nsidze, kamuonetsa 38 alibe vuto lililonse. Munthu amene Panado wayamba kumugwira ndipo akutuluka thukuta, kamamuonetsa wozizira. Ndipo kamfuti kamene kagona pawindo usiku wonse wa Julayi kamatha kungolemba "Lo" kapena "Err", chifukwa tambiri timalembedwa kuti tigwire ntchito m'malo osazizira kupitirira madigiri 10, tina 15.

Ngati muli nako kale, sikotaya. Kasungeni m'chipinda chimene mumayezeramo. Wochokera panja akhale kaye m'nyumba mphindi 20 kapena 30, avule chipewa, apukute thukuta, tsitsi lichoke pamphumi. Lozani pakati pa mphumi, kutalika kwa masentimita atatu mpaka asanu, kapena monga kabuku kake kanenera. Yezani katatu, mutenge nambala yaikulu. Onetsetsani kuti pakagalasi palembedwa "Body" osati "Surface" kapena "Object". Batani limenelo ana amalidina posewera, ndipo likakhala pa "Surface" kamapereka kutentha kwa khungu kosawerengetsera, 33 kapena 34, anthu n'kuyamba kuda nkhawa kuti wodwala wazizira. Mukaona 98.6 kapena 100.4 musakomoke, kalowa mu Fahrenheit. 98.6 ndi 37, ndipo 100.4 ndi 38. Tambiri timagwiritsa mabatire awiri a AAA. Otchipa aja amachucha n'kudya tizitsulo ta m'kati, choncho nyengo ikatha achotseni. Kuloza padzanja, monga ankachitira alonda ena pa zipata anthu ataopsezana kuti kamawononga ubongo, n'kungotaya nthawi. Kamfuti sikaponya chilichonse m'mutu, kamangolandira, ndipo dzanja limazizira kuposa mphumi.

Koma ngakhale themomita yabwino chotani, imangokuuzani kuti thupi latentha. Chimene latenthera sikuuzani. Apa ndi pamene pagona nkhani yonse kwa ife. M'Chichewa mawu oti malungo timawagwiritsa pa kutentha thupi kulikonse komanso pa matenda a udzudzu aja, ndipo nyengo yozizira maganizo amapita mbali inayo: aliyense akutsokomola, ndiye uyunso ndi chimfine basi. Kuzizira kwa Mzuzu kumachepetsa udzudzu, sikuuthetsa, ndipo anthu a kuno sakhala malo amodzi. Loweruka ali ku Nkhata Bay, maliro ali ku Karonga, ukwati uli ku Chintheche. Malungo amaonekera pakatha sabata imodzi kapena ziwiri munthu atalumidwa, ulendo uja utaiwalika kale. Amayamba ndi mutu, kuphwanya m'thupi ndi kuzizidwa, monga chimfine chachikulu. Munthu akhozanso kukhala ndi zonse ziwiri nthawi imodzi. Choncho themomita ikati 37.5 kapena kupitirira, makamaka kwa mwana wosakwana zaka zisanu kapena mayi woyembekezera, kayezetseni magazi tsiku lomwelo, ku Mapale kapena chipatala chilichonse chapafupi. Kubaya chala ndi kudikira zotsatira kumatenga mphindi 15 mpaka 20. Akapezeka, LA amamwedwa masiku atatu, kawiri pa tsiku, mpaka kumaliza. Akapanda kupezeka, LA wosungidwa m'kabati musamukhudze.

Chimfine wamba chimabwera ndi mavairasi, ndipo alipo mitundu yoposa 200. Chimatha chokha m'masiku 7 mpaka 10, ngakhale kachifuwa kamatha kutsalira mpaka masabata atatu. Amokisilini ndi Bakitirimu sapha vairasi. Mamina akasanduka achikasu kapena obiriwira tsiku lachitatu, ndi mmene chimfine chimayendera, si chizindikiro choti mugule makapisozi. Chimene chimathandiza ndi Panado pa mutu ndi kuphwanya m'thupi. Wamkulu amamwa mapiritsi awiri a 500 mg, n'kudikira maola anayi mpaka asanu ndi limodzi, osapitirira mapiritsi asanu ndi atatu pa maola 24. Mwana amapatsidwa motengera kulemera kwake, 15 mg pa kilogalamu iliyonse. Wa makilogalamu 10 ndiye 150 mg, amene ndi pafupifupi 6 ml ya mankhwala amadzi olembedwa 120 mg/5 ml, osapitirira kanayi pa tsiku. Yezani ndi jekeseni yopanda singano kapena kakapu ka m'bokosi, chifukwa masipuni a kukhitchini amasiyana kukula. Werenganinso kumbuyo kwa paketi ya mankhwala a chimfine. Ambiri muli kale paracetamol, ndipo kuwaphatikiza ndi Panado n'kupweteka chiwindi mosadziwa. Asipirini sapatsidwa kwa mwana wosakwana zaka 16.

Kopana chala, kamene ena amakatcha okisimita, n'kothandiza m'nyumba mmene muli wa mphumu, wa matenda a mtima, kapena agogo amene chimfine chimakonda kuwatsikira m'chifuwa. Kwa ena onse kamangowonjezera mantha. Kamaonetsa manambala awiri: SpO2 ndi mpweya wa m'magazi, PR ndi kugunda kwa mtima. Kukagwira mozondotsa, munthu amawerenga 78 ya mtima ngati mpweya, nyumba yonse n'kudzuka. Munthu wabwinobwino amakhala pa 95 kupita m'mwamba. Ikakakamira pa 92 kapena kutsika, aonedwe ndi achipatala tsiku lomwelo, ndipo pansi pa 90 musadikire kuti kuche. Chala chozizira chimapereka nambala yabodza kapena sichipereka n'komwe, ndiye tikitani manja kapena aviikeni m'madzi ofunda kaye, mukhale pansi mphindi zisanu, dzanja lili phee. Kyutekisi achoke. Dziwaninso kuti pa khungu lakuda tizipangizoti nthawi zina timaonetsa nambala yokwererapo kuposa yeniyeni, choncho munthu amene akubanika, akulephera kumaliza chiganizo, musamutonthoze ndi 95. Pa ana aang'ono ka akuluakulu sikagwira, chala n'chochepa. Kwa iwo wotchi ya pa foni imaposa: werengani kupuma kwa mphindi yathunthu mwana ali chete. Kupuma ka 60 kapena kupitirira kwa khanda losakwana miyezi iwiri, 50 kwa wa miyezi iwiri mpaka 11, ndi 40 kwa wa chaka chimodzi mpaka zisanu, ndi kupuma mothamanga. Kukaphatikizana ndi kulowa kwa m'munsi mwa nthiti pokoka mpweya, ganizirani chibayo.

Pali chinthu chimodzi chimene kopana chala kamanama poyera, ndipo ndi cha nyengo ino. Mbaula ya makala m'chipinda chotseka imatulutsa carbon monoxide, mpweya wopanda fungo ndi mtundu. Umamata m'magazi pamalo pa mpweya wabwino, ndipo kachipangizo kamauwerenga ngati wabwino womwewo. Munthu akhoza kukhala pangozi kakuonetsa 98. Zizindikiro zake zimafanana ndi chimfine: mutu, chizungulire, nseru, kufooka. Kusiyana kwake n'koti thupi silitentha, mphuno sizichucha, onse ogona m'chipindamo amadwala nthawi imodzi, ndipo akatuluka panja amapezako bwino. Makala ofiira amene asiya kufuka amatulutsabe mpweyawu. Mbaula ituluke anthu asanagone. Pofunditsa pabedi, botolo la rabala la madzi otentha ndi labwino: madzi asakhale owira kumene, lidzazeni magawo awiri mwa atatu, finyani mpweya, tsekani, likulungeni m'chitenje.

Makina a nthunzi ndiwo tikuti ndalama zanu zisapiteko. Ambiri otchipa, aja a pulasitiki okhala ndi chovundikira cha kumphuno, alibe waya wotenthetsa ngati wa ketulo. Ali ndi tizitsulo tiwiri tolowa m'madzi, ndipo magetsi amadutsa m'madzi momwemo. Madzi akakhala opanda mchere wachilengedwe, ngati a mvula, makina satulutsa nthunzi. Wogulitsa amakuuzani kuti muthire kamchere. Mukachulutsa pang'ono amabwata mopitirira, amalavula madzi otentha kumaso, mwinanso kuotcha fiyuzi. Mapulagi ake ambiri ndi a timiyendo tiwiri tozungulira tosalowa bwino m'masoketi athu a mabowo atatu, ndipo magetsi akazima ntchito yathera pomwepo. Kumbukirani kuzula pulagi musanatsegule kapena kuthira madzi. Phindu lake ndi lomwe lija la mphika wa masamba a bulugamu pansi pa bulangete: mphuno zimatseguka kwa kanthawi, kenako zimatsekanso. Nthunzi sipha vairasi amene ali kale m'thupi. Wamkulu wofuna kudzifukiza aphule mphika, audikire mphindi zisanu, auike pansi kapena patebulo lolimba, nkhope italikire. Mwana asafukizidwe. Kugwedezeka kumodzi, madzi onse ali pamiyendo, ndipo chilonda cha moto chimaposa chimfine kutali. Wa mphumu achenjere ndi fungo la bulugamu, ena limawabanikitsa.

Zotsegula mphuno zopanda ngozi zili kale kukhitchini. Wiritsani madzi, azizire mpaka kufunda, sungunulani theka la supuni yaing'ono ya mchere m'kapu ya 250 ml. Madontho awiri kapena atatu mphuno iliyonse amafewetsa mamina, ngakhale kwa khanda lisanayamwe. Pangani atsopano tsiku lililonse. Madzi omwewo wamkulu achukuche nawo kukhosi n'kulavula. Chakumwa cha jinja: kachidutswa kotalika ngati chala chachikulu, kasendeni, kaphwanyeni, kawire mphindi 10 m'makapu awiri a madzi. Mukaphula dikirani afunde, kenako finyirani theka la ndimu ndi masupuni aang'ono awiri a uchi. Uchi umachepetsadi kutsokomola kwa usiku, ndipo kuno kumpoto susowa, koma mwana wosakwana chaka sapatsidwa ngakhale kadontho, chifukwa umatha kukhala ndi tizilombo timene matumbo a khanda sangalimbane nato. Adyo adyedwe mu ndiwo. Kulowetsa m'mphuno kumangotupitsa m'kati. Mafuta opaka pachifuwa a mtundu wa Vicks si a mwana wosakwana zaka ziwiri, ndipo sapakidwa m'kati mwa mphuno.

Za mawotchi tinene mwachidule. Otchipa amene amati amayeza kutentha, BP ndi shuga padzanja, musawakhulupirire pa chilichonse mwa zitatuzo. Ena amapereka manambala ngakhale atamangidwa pa mwendo wa mpando. Kuwerenga mapazi amayesetsa, koma foni yanu imachita kale zimenezo kwaulere, ndi kachipangizo ka m'kati kamene kamamva kugwedezeka. N'chifukwa chake ulendo wa pa Sacramento, njinga ya kabaza ija, mumsewu wa mabampu wa ku Mchengautuba umakuwonjezerani mapazi amene simunayende. Mapazi 10,000 aja amene amati munthu aziyenda pa tsiku asakuvutitseni mutu muli ndi chimfine. Nambalayo inachokera ku Japan m'ma 1960, pa malonda a kachipangizo kowerenga mapazi. Ngati vuto lili m'mphuno ndi kukhosi kokha, thupi silinatenthe, kuyenda mphindi 15 kapena 20 kumathandiza, ndipo mphuno zimatsegukako. Dikirani nkhungu ichoke, cha m'ma 10 koloko, sankhani njira yopanda chitunda, yendani liwiro loti mukhoza kucheza osapuma wefuwefu. Thupi likatentha, chifuwa chikathina, kapena mafupa akuphwanya, gonani. Zija amati kathamange pa sitediyamu chituluke ndi thukuta n'zoopsa: thupi limatha madzi, ndipo mavairasi ena amatupitsa mnofu wa mtima. Themomita ikhale pansi pa 37.5 tsiku lathunthu osamwa Panado, kenako yambani ndi theka la zimene mumachita. Ntchito ina yabwino ya foni ndi kuimbira Chipatala Cha Pa Foni, nambala yaulere ya uphungu wa zaumoyo, mukafuna kufunsa wa zaumoyo musananyamuke. Chifuwa chimene chafika masabata awiri, makamaka ndi thukuta la usiku kapena kuwonda, chikayezedwe TB.

Pogula themomita, famase yovomerezeka ndi PMRA, bungwe loyang'anira mankhwala, imaposa benchi, chifukwa mukhoza kubwerera nayo. Mtengo funsani malo awiri kapena atatu, umasiyana. Musachoke pa kauntala isanayatsidwe. Wogulitsa akati, "Amama, izi n'zatsopano, sititsegula," muuzeni mwaulemu kuti, "Adada, ingoyatsani ndione manambala." Poyaka imayenera kuonetsa 188.8 kwa kamphindi, tizidutswa tonse ta manambala tili tathunthu. Kamodzi kakasowa, 8 adzaoneka ngati 0 kapena 9, ndipo 38 mudzamuwerenga molakwa. Mukafika kunyumba yezani munthu wosadwala katatu motsatizana, m'khwapa momwemo. Kusiyana kusapitirire 0.2. Tsiku lopita kusikelo kapena kuchipatala itengeni, muyerekeze ndi ya anamwino. Kopana chala kayeseni ndi pensulo. Kakapereka nambala pa pensulo, kabwezeni.

M'bokosi la themomita ikanimo kapepala ndi cholembera. Wina akadwala lembani nthawi, nambala, ndi ola limene wamwa Panado: 6 koloko madzulo 38.4, Panado 6:15, 10 koloko usiku 37.3, 4 koloko m'bandakucha 39.1. Ambiri amafika kuchipatala mwana atamwa kale mankhwala, themomita ya kumeneko n'kuonetsa 36.8, mayi n'kumalumbira kuti usiku amaotcha ngati moto. Kapepalako kaperekeni kwa adokotala pamodzi ndi buku la kuchipatala.